Tsiku Limene Salome Anakana Chisuweni

MUTU 6

1. Nsapato za Ella

Loweruka limenelo Salome analawirira kuchapa. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, wa Sitandade 7, ndipo mumzere wa nyumba zawo ku Chitawira ankadziwika kuti ndi mwana wosayankha akulu. Amayi ena akamakalipira ana awo ankati, "Bwanji osatengera Salome wa a Ireen?" Mbiri yotere ndi yokoma kuimva, koma mwini wake imamulemera ngati ndowa yodzadza.

Nyumba yawo inali ya chipinda chimodzi ndi balaza. Kuchipinda ankagona Salome, mng'ono wake Ella wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi mayi awo a Ireen, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa bwana wina ku Namiwawa. Pabalaza ankagona Maurice.

Maurice anali mwana wa a Laban, achimwene awo a a Ireen a ku Ngabu. Motero kwa Salome ndi Ella anali msuweni. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ankayendetsa minibasi ya pakati pa Limbe ndi Blantyre. Anabwera pakhomopo chaka chimene bambo a Salome anamwalira. Ndi iye ananyamula nawo bokosi. Ndi iye anakhoma malata mphepo itasasula denga. Ndi iyenso anaphunzitsa Salome kupalasa njinga pabwalo la sukulu, akuthamanga pambuyo pake mpaka thukuta kamukamu. Tisabise, Salome ankamukonda ngati mchimwene wake wa bere limodzi.

Kwathu kuno msuweni ndi munthu woseka naye. Amakutchula mkazi wake kapena mwamuna wake, amakulanda chipewa, amakunena kuti mutu wako uli ngati dzungu, anthu n'kumafa nacho chiseko. Ndi mwambo wakale, ndipo paokha ulibe choipa. Maurice akamalowa m'nyumba ankakuwa kuti, "Akazi anga ali kuti? Madzi osamba mwandiikira?" A Ireen ankaseka mpaka kugwira m'nthiti. Salome nayenso ankaseka, mpaka mwezi wa Juni.

Kuyambira mwezi umenewo, nthabwala za Maurice zinamera manja. Zinkadikira kuti a Ireen achoke. Ankayamba ngati akumugirigisha, kenako dzanja n'kufika pamalo pamene zovala zamkati zimabisa. Salome akalikankha, iye ankati, "Iwe, si ndiwe mkazi wanga? N'chisuweni ichi. Ukakanena, anthu akakuseka kuti sudziwa mwambo." Akatero ankamusiyira masiwiti pampando.

Salome anasiya kuseka. Anayamba kuchedwa dala kusukulu, kumasesa m'kalasi ngakhale silinali tsiku lake. Masiwiti aja ankawataya m'chimbudzi. Kwa miyezi inayi sanauze munthu.

M'mawa umenewo a Ireen ankakonzeka mothamanga, pakuti kwa bwana wawo kunali kubwera alendo. Maurice anatuluka pakhonde akudziwongola.

"Anti, basi ili kugalaja lero," anatero. "Ndimutenga Ella ku Limbe, ndikamugulire nsapato za kusukulu. Zijazi zayasama ngati ng'ona ya mu Shire."

Ella analumpha ndi chimwemwe. A Ireen anaomba m'manja. "Mulungu akudalitse, mwana wa achimwene anga."

"Tikagula tidutsa kwa mnzanga ku Bangwe, tikaonere filimu," Maurice anapitiriza. Ananyamula Ella n'kumukhazika pamwendo. "Salome wakula, wayamba matama. Mkazi wanga watsopano ndi uyu."

Sopo anapulumuka m'manja mwa Salome n'kugwera mumchenga.

"Ndipita nawo," anatero.

"Iwe chapa," anayankha Maurice akumwetulira. "Ulendo uno ndi wa awiriwiri."

2. Mawu a a Nesi

Kuti mumvetse chimene chinagwetsa sopoyo, tibwerere Lachinayi la sabata yomweyo. Tsiku limenelo kusukulu kunabwera Mayi Bertha, a m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulupo. Anapuma kalekale pantchito ya unamwino, koma Chitawira yense ankawatchulabe a Nesi. Anali aafupi, a imvi, ndi mawu omveka kutsidya la msewu. Anasonkhanitsa anyamata ndi atsikana pansi pa mtengo wa mango.

"Ana anga, tcherani khutu," anayamba motero. "Ndagwira ntchito m'chipatala zaka makumi atatu. Ana amene ndinawapukuta misozi sanalizidwe ndi chilombo cha m'tchire ayi. Ambiri analizidwa ndi munthu amene amadya naye mbale imodzi.

"Thupi lako ndi lako. Kulipo kugwira kwabwino. Mayi ako akakusisita pamutu, mnzako akakugwira dzanja powoloka msewu, dokotala akakupima mayi ako ali pomwepo, kumeneko n'kwabwino. Kugwira kotere sikubisala. Kumachitika anthu akuona, ndipo mtima wako umakhala m'malo. Koma kulipo kugwira kwina kumene kumadikira kuti akulu achoke. Malo amene kabudula wamkati ndi kamisolo zimabisa, palibe wololedwa kuwagwira, kapena kuwasuzumira, kapena kukuuza kuti iwe ugwire ake. Kaya ndi aphunzitsi, kaya ndi mkulu wa kutchalitchi, kaya ndi amalume, kaya ndi msuweni."

Atatchula msuweni, ana anaseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Nanga chisuweni?"

A Nesi sanaseke nawo.

"Ine ndine wa ku Chikwawa, chisuweni ndikuchidziwa kuposa nonsenu. Msuweni wanga mpaka lero amanditchula mkazi wake, chonsecho m'kamwa mwatsala mano awiri. Koma amanditchula paukwati, pamaliro, pagulu la anthu. Chisuweni chimakhala pakamwa, sichikhala m'manja. Ndipo chimaseketsa onse awiri. Ngati mmodzi akuseka, wina akulira chamumtima, chimenecho si chisuweni, ndi nkhanza.

"Munthu akakuuza kuti usanene, dziwa kuti chimenecho ndiye choyenera kunena. Kana mokweza mawu. Choka pamalopo. Kauze munthu wamkulu. Akapanda kukumvera, kauze wina. Nayenso akapanda kumva, kauzenso wina, mpaka upeze wa makutu. Ndipo wolakwa si iwe. Ndibwereze, poti ena mukusewera ndi timiyala: wolakwa si iwe. Nyumba yanga ndi ya chitseko chobiriwira, kuseri kwa msika. Masana sindikiya."

Amene ankasewera ndi timiyala anali Salome. Sanadzutse mutu mpaka belu linalira. Lachinayi anakhala chete. Lachisanu anakhalanso chete. Za iye mwini akanatha kupirira mpaka kalekale, poti kupirira ndi kumene anthu ankamuyamikira nako. Koma tsopano pamwendo paja panali Ella.

3. Pachipata

A Ireen atatuluka, Salome anapukuta manja m'diresi n'kuwathamangira. Anawapeza pachipata cha mpanda wa bango.

"Amayi, Ella asapite ku Limbe."

"Chifukwa?"

"Asapite basi."

"Iwe, ndachedwa kale. Yankhula."

Salome anayang'ana pansi. Mawu ankatuluka movuta, koma anatuluka. Ananena za mwezi wa Juni. Ananena za manja, za masiwiti, ndi zoti asanene. Sanabise kanthu.

A Ireen anaima chilili. Kenako anamasula chitenje chawo n'kuchimanganso, ngakhale chinali chomanga kale bwinobwino. Sanamuyang'ane mwana wawo kumaso.

"Tseka pakamwa pako," anatero motsitsa mawu. "Mwana wa achimwene anga? Amene ananyamula bokosi la bambo ako? Amenewo ndi masewera a pachisuweni, mwana wamkazi umangopirira. Kaduka kakupweteka chifukwa nsapato akugulira mnzako."

"Amayi, sindikunama."

"Chibale ndi fupa, sichiola. Nkhani imeneyi ndisaimvenso. Ukaitulutsa kunja kwa mpanda uno, undichititsa manyazi mpaka ku Ngabu."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda mwandawala kulowera kokwerera basi. Salome anawayang'ana mpaka anakhota pagolosale. Ankayembekeza kuti acheuka, koma sanacheuke.

Zopweteka zilipo zambiri padziko pano, koma iyi ndi ina. Mwana kusonkhanitsa mphamvu miyezi inayi, n'kuyankhula, mayi ake enieni n'kumupatsa msana! Salome anamva ngati bambo ake amwaliranso kachiwiri. 

4. Chitseko chobiriwira

Atabwerera anapeza Ella atavala kale diresi lake la kutchalitchi, nkhope ili phuliphuli ndi mafuta. Maurice anali kubafa, akuimba mluzu.

Salome anagwira dzanja la mng'ono wake. "Tiye."

"Kuti?"

"Tiye, ndikuuza kutsogolo."

"Ayi! Ine ndikudikira a Maurice. Ndikufuna nsapato!"

Phokosolo linamutulutsa Maurice, thaulo lili pakhosi. Pampopi wa pakati pa nyumbazo panali amayi anayi akutunga madzi.

"Ulendo wa kuti, akazi anga?" anafunsa. Anatambasula dzanja n'kumugwira Salome paphewa.

Mwana wosayankha akulu uja anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

"Musandigwire! Sindine mkazi wanu ine! Ndipo Ella sapita nanu kulikonse!"

Amayi a pampopi aja anatembenuka onse. Ndowa ina inadzadza n'kuyamba kusefukira, mwini wake osaiona. Maurice anachotsa dzanja msangamsanga n'kuseka chiseko chouma.

"N'chisuweni ichi, azimayi. Mwanayu wadzuka kumanzere lero."

Palibe anaseka naye. Pamenepo anawerama n'kunong'ona kuti Salome yekha amve. "Ukapenga, mayi ako adwala nazo zimenezi. Udzakhala utawapha ndiwe."

Salome anagwiranso dzanja la mng'ono wake. Anamukoka Ella mpaka kumsewu. Ella anadzigwetsa pansi, diresi la kutchalitchi lonse fumbi lokhalokha. Salome anamunyamula n'kumubereka, ngakhale anali wamkulu wosayenera kuberekedwa. Njira yonse Ella ankamumenya timankhonya kumsana.

"Ndimakuda! Wandimanitsa nsapato! Sindiwe mkulu wanga!"

Salome anangopitiriza kuyenda. Anadutsa ogulitsa makala, anadutsa amayi a tomato, anazungulira kuseri kwa msika. Chitseko chobiriwira chinali chotsegula, monga mwini wake ananenera.

A Nesi anali pakhonde akusankha nyemba. Anayang'ana ana awiriwo, wina akulira, wina maso ali gwa. Anaika lichero pansi. Anamupatsa Ella nthochi ziwiri n'kumuuza kuti akaone ana a mphaka kukhitchini. Kenako analowa ndi Salome m'nyumba n'kumukhazika pampando.

Salome ananenanso zonse, kachiwiri tsiku limodzi. Ulendo uno palibe anamudula mawu. Atamaliza, a Nesi anati, "Ndakumva, mwana wanga, ndipo ndakukhulupirira. Wolakwa si iwe."

Apo m'pamene misozi inatuluka. Analira mosisima, mapewa akugwedezeka, kulira kwa miyezi inayi.

"Koma a Nesi, ine ndimawakonda a Maurice," anatero. "Anandiphunzitsa njinga. Anatikhomera denga."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake zikuwawa chonchi. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, poti aliyense amaopa kuswa mkhate. Ndipo khosweyo amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake amasankha kukhala pomwepo. Denga anakhomadi, njinga anakuphunzitsadi. Koma zabwino zimenezo sizimupatsa chilolezo pa thupi lako. Munthu sakhoma malata kuti alipidwe ndi mwana wa m'nyumbamo."

A Nesi anamuitana Ella. Analowa atanyamula kamphaka, mkwiyo utaiwalika pang'ono.

"Ella, pali masewera amene a Maurice amakuuza kuti usanene kwa amayi?" anafunsa a Nesi mofatsa.

Ella anapukusa mutu. "Ayi. Koma anati lero ku Bangwe andiphunzitsa masewera achinsinsi, a asuweni okhaokha. Ndiye Salome wandimanitsa."

Salome anatseka maso. A Nesi anamusisita Ella pamutu n'kumuuza kuti abwerere kukhitchini. Kenako anatenga foni yawo.

"Ndipatse nambala ya mayi ako. Akabwera tipitira limodzi kupolisi, ku ofesi yothandiza ana ozunzidwa, kenako kuchipatala. Sukhala wekha pena paliponse."

5. Mawu obwereka

A Ireen anafika dzuwa litangopendeka, akadali mu yunifolomu ya kuntchito. Salome atamva mapazi awo anakaima kuseri kwa mpando, poti ankadziwa kuti watulutsa nkhani kunja kwa mpanda.

A Nesi sanawapatse mpata wokalipa.

"Khalani pansi, mayi a Salome. Ndine wamkulu kwa inu, ndiye mundimvere. Mwana uyu lero wagwira ntchito imene inali yanu. Anabwera kwa inu poyamba, poti ndinu mayi ake. Mwamubweza. Akanakhala wina akanangokhala chete, ndipo panopa Ella akanakhala ali ku Bangwe. Manyazi amene mukuwaopawo si a mwanayu, si anunso. Ali ndi mwini wake. Ife amayi timasenza manyazi a anthu ena mpaka khosi kupindika, kenako timawatula pamutu pa ana athu. Mwambo wa chisuweni makolo anauika kuti abale azisekerana, sanauike kuti ukhale chitseko chobisalirako afisi."

Kenako anawauza mawu amene Ella ananena.

A Ireen sanakhale pampando. Anangoti khwachaa pasimenti. Anagwira pakamwa.

"Salome," anaitana. "Bwera kuno."

Salome sanasunthe.

"Sindikumenya, mwana wanga. Pachipata paja ndinamva zonse. Ndinadziwa kuti sukunama usanamalize n'komwe. Ndafika ku Namiwawa ndaswa mbale ziwiri za abwana, manja osagwira kanthu."

"Nanga munandikaniranji?" Salome anafunsa. Mawu ake anali aang'ono ngati a Ella.

A Ireen anayang'ana khoma.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ku Ngabu. Nanenso ndinali ndi msuweni. Ndinawauza amayi anga tikuchokera kudimba, nditasenza mtolo wa mbatata. Anandiyankha kuti ndi masewera a pachisuweni, mwana wamkazi umangopirira. Anati chibale ndi fupa. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti wanga mwana sindidzamutero. Zaka zonsezi ndakhala ndikulumbira. Lero ndatsegula pakamwa, atuluka ndi mawu a amayi anga, osasintha ngakhale limodzi."

Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Undikhululukire, Salome."

Salome anatuluka kuseri kwa mpando. Anagwada pasimenti pomwepo, ndipo a Ireen anamukumbatira mwamphamvu. Kumeneku kunali kugwira kosabisala kuja. Analira onse awiri, mayi ndi mwana, ndipo sizinkadziwika kuti akutonthoza mnzake ndani. Ella anasuzumira pakhomo, osamvetsa kanthu, n'kubwera kudzadzipanikiza pakati pawo.

A Nesi anawasiya alire. Kenako anavala nsapato, anatenga chikwama chawo n'kukaima pakhomo.

"Tiyeni, kusanade."

A Ireen anadzuka n'kupukuta nkhope ndi epuloni. Asanaponye phazi, foni yawo inalira m'thumba. Atayang'ana dzina, nkhope inasintha. Anali a Laban, bambo ake a Maurice. Mawu awo anali aakulu moti aliyense m'nyumbamo anawamva.

"Ireen, mnyamata wandiimbira. Akuti mwana wako wamunyoza pamaso pa anthu. Ndili padepoti pano, ndikukwera basi. Wina asayerekeze kupita kupolisi ndisanafike. Nkhani za pabanja timakamba pamphasa, wamva? Ndine mkulu wako ine."

Foni inaduka.

Chibadwire, a Ireen anali asanawakanirepo achimwene awo chilichonse. Ndi a Laban amene anawalera pamene bambo awo anamwalira, ndi a Laban amene anaimira ukwati wawo. Anayang'ana foni ija. Anayang'ana a Nesi, amene anali atatsegula kale chitseko chobiriwira mpaka kukhoma.

Basi yochokera ku Ngabu imatenga maola atatu kuti ikwere mapiri n'kufika mumzinda. Salome anagwira dzanja la mayi ake. Analifinya, n'kuyamba iye kuponya phazi kulowera kukhomo.